Ming'oma tagawana, nanga njuchizo zidya chiyani?

Kuseri kwa nyumba yanga, kuno kufupi ndi Bolero m'boma la Rumphi, kuli ming'oma isanu. Itatu muli njuchi. Iwiri ili pululu: wina mwakhazikika buluzi, winawo mudamanga mavu ndipo ine ndi iwo tidapangana zosaputana. Koma mlendo akafika amawerenga ndi chala, n'kupukusa mutu: "Amama, ming'oma isanu! Ndiye kuti uchi mumachita kusamba." Ndimangoseka, poti mlendo sutsutsana naye. Chondiwawa n'chakuti masamu a mlendoyu ndi omwewo amene ndimamva pa wailesi: bungwe lakutilakuti lagawa ming'oma mwakuti, mabanja mwakuti apindula. Kuwerenga kumathera pa bokosi. Sindidaonepo munthu wobweranso patatha zaka ziwiri kudzaika khutu pa bokosilo kuti amve ngati mkati mukulira kanthu.

Ine si mbadwa ya kuno. Kwathu ndi ku Dowa. Chidandibweretsa ndi choko, ukwati n'kundimangirira. Ndidaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma. Za njuchi ndidazitola kwa malemu apongozi anga aamuna, ndipo ndidazitolera patali, chifukwa kuno mkamwana sakhala mphasa imodzi ndi bambo a mwamuna wake. Ndinkapereka madzi, n'kugwada chapoteropo, iwo n'kumalankhula ngati akuuza mtengo, chonsecho akudziwa kuti ndikumva.

Apongoziwo adakulira m'munsi mwa mapiri a Nyika. Boma lidakhazikitsa paki ya Nyika mu 1965, ndipo mu 1978 lidaikuza mpaka kufika masikweya kilomita pafupifupi 3,200. Midzi idasamutsidwa. Anthu adakusa mbuzi, nasenza miphika, koma ming'oma ya makungwa idatsala m'mitengo momwemo, ndipo kuyambira pamenepo munthu wopita kukafula njuchi zake zomwe adasanduka mbava. Nkhani imeneyi akati aiyambe ankayamba ausa moyo. Zinthu zidapepukako cha mu 1989, pamene nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, mothandizidwa ndi dziko la Germany, idayamba ntchito yolimbikitsa ulimi wa njuchi. Anthu a m'midzi yozungulira adapanga makalabu naloledwa kukapachika ming'oma mkati mwa paki. Nzeru imeneyo ndimaivulira duku mpaka lero. Munthu amene ali ndi mng'oma m'nkhalango sayatsa tchire, ndipo akaona utsi amathamanga osadikira kutumidwa.

Koma onani kumene ming'oma ija idapita. Idalondola chakudya. M'mapiri otsetsereka a Nyika mitengo ya mombo imachita maluwa dzuwa likafika poswa mtengo, cha mu Seputembala mpaka Novembala; mtondo umadikira mvula ithe kaye. N'chifukwa chake ofula njuchi a kuno amadziwa nyengo ziwiri, ina chaka chikamatha, ina m'chisanu. Pamwamba pa phiri, mvula ikagwa, udzu wonse umasanduka maluwa. A mtundu wa chinaka okha, uja ena amati chikanda, alipo mitundu yoposa 200. Apongozi ankati, "Mkamwana, njuchi sifunsa mwini mng'oma. Imafunsa kumene kwachita maluwa."

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina lidabweretsa ming'oma ya matabwa ku kalabu yathu ya amayi. Ndinene chilungamo: ming'oma imeneyi ndi yabwino. Ndi ija yooneka ngati bwato, yokhala ndi timatabwa toyala pamwamba, kalikonse kotambalala mamilimita 32 kapena 33, kuti njuchi zimange chisa chimodzi pa kathabwa kamodzi. Ukafuna kufula umangonyamula kathabwako, n'kuona ngati chisa chamatidwa ndi phula. Cha ana umachibwezera. Mng'oma wa makungwa umapha mtengo pousenda, ndipo umafuna munthu wokwera m'mwamba usiku ndi muuni wa udzu, ntchito imene mayi wa chitenje ngati ine sakadaiyerekeza. Wa matabwawu umaulenjeka pa waya wofika m'chiuno, n'kupaka girisi pa wayapo kuti linthumbu lisawoloke. Chiuli nachonso chimavutika nawo chifukwa umagwedezeka. Pa zimenezi ndilibe dandaulo.

Tsiku logawa kudali nyimbo, zithunzi ndi zakumwa. Tidapaka phula m'timatabwa monga adatiphunzitsira, tidapachika. M'ming'oma ina njuchi zidalowadi. Koma pofika Okutobala wa chaka chotsatira, yambiri idali itatsala ndi zisa zouma ndi akangaude. Amayi ena adayamba kunong'onezana za ufiti. Wina adasandutsa wake mosungira nyemba, ndipo sindimunena. Bokosi la matabwa abwino silingamangokhala.

Ufiti padalibe. Njuchi ya kuno ku Africa siumirira pamalo pamene pali njala. Imanyamuka mudzi wonse, mfumukazi pakati, n'kukafuna kwina. Ndipo njala idalipodi. Kuchokera pakhomo panga, phiri limene apongozi ankaloza kuti kudali mdima wa mitengo lero ukuona mbuzi ikuyenda pamwamba pake. Mitengo idapita ku zigafa za fodya, ku mauvuni a njerwa, ku matumba a makala amene mumawaona ataimikidwa m'mbali mwa msewu. Yotsalayo moto umainyambita chaka ndi chaka isanakule. Amene akukayika apite pa chigayo mwezi wa Seputembala akaone njuchi zikugubuduzika mu ufa ndi m'gaga. Sizikusewera. Zasowa mungu wodyetsa ana, ndiye zikutola chilichonse chofanana nawo. Apitenso pa mjigo akaone zikulimbirana madzi ndi amayi.

Anthu ambiri sadziwa kukula kwa pakamwa pa mng'oma umodzi. Nyengo ikakhala yabwino mfumukazi imaikira mazira oposa 1,000 pa tsiku. Dzira limatenga pafupifupi milungu itatu kuti lisanduke njuchi yantchito, ndipo njuchiyo, ntchito ikachuluka, imakhala moyo milungu isanu ndi umodzi basi: masiku oyamba imasesa ndi kulera ana, kenako imamanga zisa ndi kulondera pakhomo, kumapeto kwa moyo wake ndiye imatuluka kukasaka. Pamene pali ana pamayenera kukhala pofunda madigiri pafupifupi 35 usana ndi usiku. Kukatentha zimatunga madzi n'kumakupiza ndi mapiko, kukazizira zimaunjikana. Timadzi ta m'maluwa timabwera tili madzi okhaokha, ndipo zimatikupiza mpaka madziwo atsike kufika pa magawo 20 pa 100 aliwonse kapena kucheperapo, ndiye n'kumata chisacho. Wofula chisa chosamata amatenga uchi wosapsa, umene umasasa m'botolo ngati thobwa logona. Zonsezi zimafuna maluwa, osati a mwezi umodzi, koma olandizana chaka chonse.

Ndipo maluwawo sali pakhomo panga pokha. Njuchi imauluka makilomita awiri, atatu, nthawi zina kuposerapo. Ikapeza pabwino imabwerera n'kukavina pa chisa, ikugwedeza thako, ndipo kavinidweko kamauza zinzake mbali yolowera ndi kutalika kwa ulendo. Karl von Frisch wa ku Austria, amene adamasulira gule ameneyu, adalandira mphoto ya Nobel mu 1973. (Ndinkawauza ana a Sitandade 7 nkhaniyi, iwo n'kumaseka kuti aphunzitsi ayamba nthano masana.) Tanthauzo lake kwa ine mlimi ndi lakuti busa la njuchi zanga ndi mudzi wonse pamodzi ndi midzi yoyandikana nayo. Mbuzi ndingaimange pa chingwe. Njuchi zimadya m'munda mwa aliyense, ndipo zimafera m'munda mwa aliyense.

Zimenezi ndidazionera pakhomo. Chaka china m'mawa ndidapeza pansi pa mng'oma wanga wamphamvu kwambiri pali bii, njuchi zakufa, zina zikuzungulira chagada, malilime ali panja. Ndidasesa zodzaza mbale yodyera. Dzulo lake mnansi wathu adali atapopera mankhwala m'dimba mwake dzuwa lili pamutu, nyemba zili m'maluwa. Ndidapita ndi mkwiyo, koma nditamupeza ndidauika pansi, chifukwa nkhope yake idali ya munthu amene wagona akuwerenga ngongole.

"Adada," ndidatero nditagwada, "njuchi zanga zatha."

"Pepani amama. Nanga ine nditani? Ndisiye nsabwe zindidyere nyemba?"

Funso lake lidali loona. Chifikireni mbozi zija zolowa m'mtima mwa chimanga, zimene zidavuta mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, mpope wopopera wasanduka ngati khasu. Pakhomo pamene palibe amabwereka. Sindingauze munthu kuti asiye mbewu yake iwonongeke chifukwa cha botolo langa la uchi. Ndidangomupempha kuti azipopera madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera kwawo, azipewa masiku amene mbewu yachita maluwa, ndipo azinditumizira mwana kudzandiuza. Kenako ndidamutengera pa maungu ake omwe, n'kumuonetsa maluwa awiri: lina la phesi lowonda, lina lokhala ndi kadzungu kumunsi. Loyambalo ndi lalimuna, linalo lalikazi. Amatseguka m'mawa, pofika masana afota. Ngati m'maola ochepawo sipapezeka kachilombo konyamula mungu kuchoka pa ili kupita pa ilo, kadzungu kaja kamachita chikasu n'kugwa. Bamboyu adalima maungu moyo wake wonse, ndipo kugwa kwa timaunguto ankati ndi nthaka yatopa.

Sindikumuseka. Mlangizi amene adamuphunzitsa kusungunula mankhwala sadatchulepo njuchi, ndipo amene adatiphunzitsa ife za njuchi sadapondepo m'dimba la munthu. Onse awiri amayenda msewu umodzi pa njinga zamoto, n'kumapatsana moni. Maiko a European Union adaletsa mu 2018 kugwiritsa ntchito panja mankhwala atatu ophera tizilombo, imidacloprid, clothianidin ndi thiamethoxam, ataona kuti akuvulaza njuchi. Ife sitidafike n'pokambirana pomwe pansi pa mtengo wa mfumu za ola loyenera kupopera, chinthu chosalira ndi tambala yomwe.

Tsopano ndifike pa chimene chidandikhazika pansi kuti ndilembe. Njuchi za mu mng'oma zili ndi mwini. Zikafa ndimalira, ndimapita kukadandaula, ndimalemba m'nyuzipepala. Koma m'dimba muja simudafe njuchi zanga zokha. Mudafanso ena amene alibe wowalira.

Pa khonde langa padali nsanamira ya mtengo wouma yokhala ndi mabowo asanu ndi awiri, obulungira bwino ngati adabowola mmisiri. Ndi nyumba za bemberezi, chinjuchi chakuda chija cholira ngati ndege, chimene tili ana tinkachimanga ulusi n'kumachiulutsa. Akulu adati bemberezi adziwa nyumba yake, ndipo n'zoona: mabowo ali pafupipafupi koma sindidaonepo wina akulowa mwa mnzake. Bemberezi sapanga uchi woti munthu n'kufula. Alibe mfumukazi ya zikwi za antchito. Mayi amabowola yekha mtengo, amaumba kamtanda ka mungu, amaikira dzira pamenepo, n'kutseka. Koma ali ndi luso limene njuchi ya mu mng'oma ilibe. Duwa la tomato ndi la biringanya limabisa mungu wake m'timachubu, ndipo sutuluka bwino popanda kugwedezedwa. Bemberezi amalikumbatira duwalo n'kunjenjemeretsa thupi lonse, mungu n'kuchita fumbi. Njuchi wamba siidziwa ntchito imeneyo. Duwa la magalagadeya nalo ndi lalikulu moti kanjuchi kakang'ono kamangolowa n'kutuluka osakhudza pofunika. Bemberezi ndiye amadzaza pakhomo, msana wake n'kutuluka uli mbuu. Pa nandolo ndi pa nyemba mumupezanso.

Si yekha. Kuli tongole, tija timakukakamira m'maso ukatuluka thukuta, timene timasunga uchi wochepa m'mphako. Kuli mpasi, zopanda mbola, zomanga pansi pa nthaka, zimene anyamata oweta ng'ombe amakumba mpaka kugwetsa mudzi wonse chifukwa cha uchi wosadzaza kapu. Kuli tina todula masamba mobulungira ngati ndi lumo kukayalira ana, tina tokumba timaenje pa dothi louma m'mbali mwa njira. Pa mango ochita maluwa, yang'anitsitsani, ambiri mwa alendowo ndi ntchentche. Mlambe umadikira mileme usiku. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yochuluka mwa iyo imakhala payokhapayokha, yosapanga uchi. Akatswiri a bungwe la IPBES adalengeza mu 2016 kuti mwa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zimene anthu amadya, itatu imadalira tizilombo ndi nyama zotere pang'ono kapena kwambiri. Chimanga ayi, icho chimadalira mphepo. Koma nsima siyenda yokha. Ndiwo zake, maungu, nyemba, tomato, mafuta a mpendadzuwa, zipatso za ana, ngakhale khofi wa ku Phoka ndi ku Mphompha amene amabereka bwino akayenderedwa ndi njuchi, zonsezi zili ndi antchito amene sitidawalembe m'kaundula aliyense.

Antchito amenewa mng'oma suwathandiza. Chimene amafuna ndi chitsa chouma chimene sitidachiotche, kachigawo ka tchire kumalire a munda, dothi losagaulidwa pansi pa mpanda, ndi maluwa a zomera zimene timazitcha udzu. Ndiponso, ndinene chimene alimi anzanga a njuchi sakonda kumva: ukaunjika ming'oma yambiri pamalo pamene maluwa ndi ochepa, njuchi zako zimalanda chakudya cha eni nthakawa. Ku London, kumene kuweta njuchi pa madenga a nyumba kudasanduka fashoni, alimi a njuchi eni ake adayamba kudandaula kuti ming'oma yachuluka kuposa maluwa. Ku California adafika pena: minda ya mtedza wa almond ndi yaikulu ndi yoyera moti mwezi wa Febuluwale ming'oma yoposa miliyoni imodzi imabwera pa malole kudzagwira ganyu, eni minda n'kumalipira. Ife ganyu ameneyo akutigwirira ulere bemberezi, ndipo malipiro ake ndi kumuthira mankhwala.

Wina anena kuti, mayi inu mwakhuta penshoni, anthu akufuna ndalama. Penshoni ya mphunzitsi sikhutitsa, koma mfundoyo ndaimva. Uchi ndi ndalama ndithu. Mabotolo anga alipirira mdzukulu fizi kangapo, ndipo uchi wa kumpoto kuno uli ndi mbiri. Ngakhale a Mzuzu Coffee amaugulitsa pambali pa khofi wawo. Phula nalonso ndi ndalama, la makandulo ndi polishi, ngakhale ambiri timalitaya kudzala tikafinya zisa. Kale ankati safunsa adadya phula. Ife osafunsa a lero tikulitaya. Sindikuti ming'oma isagawidwe. Ndikuti wogawa ayambe wayenda wapansi ndi nkhalamba za m'mudzimo, afunse mitengo imene imachita maluwa mwezi ndi mwezi, aone pamene pali mpata wa njala. Mudzi wolandira ming'oma ukhale ndi nkhalango yake yotetezedwa, ndipo zitsa za mombo ndi mtondo zikaphukira zisiyidwe; miombo imadzuka yokha ukaichotsera nkhwangwa ndi moto, siilira machubu a ku nazale. Ndipo lipoti lisalembedwe tsiku la zithunzi. Lidikire zaka ziwiri, lidzanene ming'oma imene muli njuchi. Mu 2023 boma lidasainirana ndi bungwe la Peace Parks Foundation mgwirizano wa zaka 20 woyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Zaka 20 n'zokwanira kuti chitsa chisanduke mtengo wochita maluwa. Iwo pamodzi ndi a Nyika-Vwaza Association, amene amaimira midzi yozungulira, ndikuwapempha kuti pothandiza alimi a njuchi muyeso wawo ukhale umenewu.

Anzathu a kufupi ndi Kazuni, amene njovu za ku Vwaza zimawadyera chimanga, mwina adamvapo za njira imene Lucy King adayesa ku Kenya: kuzinga munda ndi ming'oma yolumikizidwa ndi waya, kuti njovu ikagunda wayayo njuchi zituluke. Njovu imaopadi njuchi. Koma chimene imaopa ndi mbola, ndipo njovu si yopusa; bokosi lopanda kanthu silingainamize nthawi yaitali.

Pa za kuweta kuseri kwa nyumba ndichenjezeko pang'ono, poti njuchi zathu n'zaukali. Mbuzi ya mnansi wina, yomangidwa pafupi ndi mpanda wanga tsiku limene ndidafula mosasamala, idalumidwa mpaka kufa, ndipo ndidalipira kwa amfumu popanda kutsutsa. Chiyambire pamenepo ming'oma ndidaisunthira kutali ndi njira ndi khola, pakhomo pake kuloza kutchire, ndidabzala mpanda wautali kuti njuchi zizikwera m'mwamba potuluka, ndimafula kukamada, ndipo ndimaika beseni la madzi lokhala ndi miyala kuti zisapite ku mjigo.

Apongozi akafula njuchi za m'mphako ankasiya chisa pa nthambi, chakuti idye nsadzu, mbalame ija imalondolera munthu kumene kuli njuchi. Ndinkayesa n'zikhulupiriro za akale. Koma mu 2016 Claire Spottiswoode ndi anzake adasindikiza zimene adapeza pakati pa Ayao osaka uchi ku Niassa, m'dziko la Mozambique: mlenje akaitana mbalameyi ndi kaliridwe kamene makolo ake adamusiyira, mwayi wopeza njuchi unkakwera kuchoka pa magawo 17 kufika pa 54 pa 100 aliwonse. Mbalame yakutchire, yosawetedwa ndi munthu, ikudziwa mawu a anthu a m'dera lake. Kuno kwathu ndatha zaka zinayi osaimva.

Mwezi wathawu mdzukulu wanga adabwera ku tchuthi, naona ufa wa mtengo uli mbwee pansi pa nsanamira ija. "Agogo, zinthu izi zigwetsa khonde. Ndipake oyilo wakuda, zithawe." Adanena zoona, nsanamirayo yafooka. Tidadula ina ya bulugamu n'kuimika pambali pake kuti isenze denga. Yakaleyo tidaizula bwinobwino madzulo, eni ake ali mkati akung'ung'udza, n'kukaizika pafupi ndi thandala la magalagadeya. Masiku awiri oyamba ankazungulira pa khonde, akufuna pamene padali nyumba yawo. Tsiku lachitatu ndidawerenga asanu akulowa ndi kutuluka pamalo patsopanopo. Awiri enawo ayamba kale kubowola nsanamira ya bulugamu ija.